Tinyumba ta a Gusitino

A Gusitino ndinawamangitsa ndine. Ndayamba ndi mawu amenewa mwadala, chifukwa ndatopa nawo anthu amene akamakamba za nthawi ya chipani chimodzi aliyense amakhala wozunzidwa, wozunza osapezeka. Nanga ankatinenera ndani, mizukwa? Ine ndine Roza Nankhoma wa kuno kumapiri a Ntchisi, ndipo ndinapita ndi miyendo yangayi kukawanenera a Gusitino kwa a tcheyamani a chipani, pofuna kuti amuna anga, a Felton, asatengedwe.

Dzina lawo la ubatizo linali Agustino, Agustino Kamtedza. Anabadwira m'mudzi mwathu momwemo, ndipo ankandiposa ndi zaka ngati khumi ndi zisanu. Mwendo wawo wakumanzere unapuwala ali khanda, choncho khasu analigwira pang'ono chabe, ndipo sukulu anaisiyira m'kalasi yachiwiri chifukwa inali kuseri kwa phiri. Atakula anatsatira atsibweni awo ku esiteti ya fodya ku Kasungu, kumene anakhala zaka khumi ndi zitatu m'shedi akusankha masamba. Amene anagwira nawo ntchito amati munthu uja anali ndi maso. Masamba awiri amene inu ndi ine tikanalumbira kuti ndi amodzi, iwo ankawaika milu iwiri, ndipo kapitawo akabwera ankangovomereza. Anabwerako ndi chifuwa, sutikesi imodzi ndi jekete la khaki. Mkazi sanabwere naye, nkhani za kumeneko sanabwere nazonso.

Kukayikira kunayambira pamenepo. Mowa samwa, mkazi alibe, ndewu sanachitepo ndi munthu. Pamaliro, padima, pabwalo, iwo ankakhala kumapeto ndi chikho cha thobwa, mutu uli pansi, makutu okha ali tcheru. M'masiku amenewo munthu wofatsa tinkamuopa kuposa wolongolola, pakuti wolongolola umadziwa zimene watola ndi kumene wakazitula. Anthu ankatengedwa masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo tonse tinkadziwa kuti a boma sagona m'mudzi mwathu. Wina wa ife ndiye ankawauza.

Tinjerwa tinafika kuparishi kwathu mu 1983. Tinabwera m'makatoni, pamodzi ndi mabelo a zovala zakale amene akhristu a kunja ankatumiza. Tinali tinjerwa ta pulasitiki toseweretsa ana, tofiira, tachikasu, tobiriwira, toyera, takuda, kena kofanana ndi chala chachikulu, kena ngati njere ya chimanga. Pamwamba pake pali timabere, kunsi kuli mabowo, ndipo ukakanikiza kena pa kanzake timagwirana. Ana a azungu anali atatopa nato. A Sisitere Margareta, amene ankayang'anira masukulu a mkaka m'matchalitchi ang'onoang'ono a parishi yathu, anati tigawidwe kumeneko, koma tiyambe tatsukidwa, chifukwa tinabwera ndi litsiro lochititsa manyazi. Anthu olemera nawonso ndi auve, ndikuuzeni. Munali tsitsi, mchenga, zomatamata za maswiti, ndipo tambiri tinali ndi zipsera za mano.

Ntchitoyo a Sisitere anaipereka kwa a Gusitino, nawapatsa kachipinda kosungiramo katundu kuseri kwa nyumba ya masisitere. Ine ndinali wochapa zovala za masisiterewo, ndipo chingwe choyanikapo chinali pafupi ndi zenera la kachipindako. Poyamba sindinkasuzumira mwadala. Zenera linali pomwepo, nanga maso ndikanawasiya kunyumba?

Munthu uja ankagwira ntchitoyo ngati akukonza za paguwa. Madzi ankafuna ofunda, osati otentha, ati otentha amapinditsa tinjerwa ndiye sitigwirananso. Ankatiunjika m'beseni la sopo wa ufa, n'kumatsuka kamodzikamodzi ndi mswachi wakale, m'mabowo n'kulowetsamo nthenga ya nkhuku. Akatsukuluza ankatiyala pamphasa pakhonde, pamthunzi, mabowo atayang'ana pansi. Tsiku lina ndinakokera mphasayo padzuwa kuti tiume msanga, poganiza kuti ndikuwathandiza, ndipo ndi tsiku lokhalo limene ndinawamva akukweza mawu: ati dzuwa limatuwitsa mtundu. Tikauma ankatisankha m'zitini za mkaka, mtundu ndi mtundu, ndipo mumtundu momwemo ta mabere awiri patokha, ta anayi patokha, ta asanu ndi atatu patokha, tizitseko ndi timazenera m'chitini chake. Amuna anzawo ankawaseka, ati bambo wamkulu wa ndevu kumawerenga mabere a zidole atalephera enieni. Iwo ankangomwetulira.

Kulongedza kunali kuyambira Lolemba mpaka Lachitatu. Ankathira tinjerwa m'timapepala ta pulasitiki tonga ta shuga, n'kupinda kukamwa kwake pa chitsulo cha sowo, n'kudutsitsa pa lawi la kandulo kuti kamatike. Lachinayi Landirova ya parishi inkanyamula katoni. Koma asanathire m'kapepala ankachita chinthu chimene sindinkachimvetsa. Ankatapa m'zitini zija n'kumanga kanyumba patebulo, ka chitseko, zenera ndi denga. Akamaliza ankakayang'ana nthawi yaitali, n'kukaphwasula, n'kuthira tinjerwa take m'kapepala kamodzi, n'kumata. Kenako kena. Tsiku lonse kumanga ndi kuphwasula basi.

Poyamba nanenso ndinkaseka. Kuseka kunatha tsiku lina mu 1985, pamene ndinaona patebulo paja kanyumba ka chitseko chachikasu, mazenera awiri kutsogolo, ndi kachimbudzi kumanzere. Ndinatula dengu la zovala pansi. Nyumba ya chitseko chachikasu m'dera lonse lino inali imodzi, ya aphunzitsi a Yeremiya, ndipo chimbudzi chawo chinali kumanzere ndithu. A Gusitino anakayang'ana, anakaphwasula, anamata. Limenelo linali Lachiwiri. Lachinayi katoni inapita. Lolemba lotsatira kunafika Landirova ina, yopanda chizindikiro, munatsika amuna awiri a majekete, anawatulutsa aphunzitsiwo m'kalasi choko chili m'manja, ndipo mpaka lero akazi awo sadziwa pamene pali manda.

Mutu wanga unayamba kulumikiza. Munthu wosadziwa kulemba angawauze bwanji a boma nyumba yoti apiteko? Si mmenemu? Iye amanga, aphwasula, atumiza, ndipo wina kuboma atsegula kapepala, amanganso kanyumbako, waidziwa nyumba. Lero mukhoza kuseka, sekani, mwakhuta ufulu. Ine ndinaziona zomveka bwino lomwe, ndipo nditanong'oneza amayi awiri a kumpingo, nawonso anagwira pakamwa n'kunena kuti iwo ankamuona kale munthu ameneyu. Kuyambira pamenepo zovala za masisitere zinkatenga nthawi kuyanika. Ndinaona nyumba ya a katekisiti, ndinaona ya azamba, ndinaona golosale ya a Mose. Golosaleyo inatsekedwa patapita mwezi, ati a Mose sanapachike chithunzi cha mtsogoleri pamalo oyenera. Kwa a katekisiti ndi kwa azamba sikunachitike kanthu, koma zimenezo sindinaziwerengere. Ndinati nthawi yawo sinakwane.

Tsopano a Felton. Amuna angawa anachokera ku Nachisaka, ku Dowa, kudzakhala chikamwini kwathu. Kulima ndiye simungawauze, fodya wawo anthu ankachita kubwera kudzamuona, koma pakamwa, mayo ine! Mawu ankatuluka mutu usanadziwe. Chaka chimenecho ndinali ndi pakati pa mwana wathu wachitatu. Nditapita kumsika wa paboma, ayufi, anyamata a chipani a malaya ofiira aja, anandiimitsa pachipata n'kunena kuti khadi limodzi silikwana, ndigule lachiwiri la amene ali m'mimbayo. Ndinagula, nanga ndikanatani? Sabata yomweyo kunali dima yopalira kumunda kwa alongo anga, ndipo anthu ataweruka n'kukhala pansi pa mowa, a Felton anaimirira chipanda chili m'manja.

"Ndiye mwana wanga walowa chipani ali m'mimba," anatero. "Tsiku la msonkhano adzavala chiyani? Kapena amayi ake adzameze kansalu ka chipani?"

Anthu anaseka, kenako kusekako kunazima kamodzi ngati wathira madzi pamoto. Aliyense anayang'ana pansi. Ine ndinayang'ana kumapeto, ndipo a Gusitino anali pomwepo ndi thobwa lawo. Pobwerera ndinawatukwana a Felton njira yonse. Ndinawauza kuti akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata, ndipo wawowo sudzatsata iwo okha, udzatsata ine ndi ana. Iwo anati ndili ndi mantha a nkhuku, pamowa munthu sasunga mawu.

Panapita masiku asanu ndi anayi. Lolemba m'mawa, ndikuyanika malaya a masisitere, ndinaponya maso pazenera paja. Chitseko chobiriwira. Zenera limodzi lokha, kumanja, chifukwa lakumanzere tinali titalitseka ndi njerwa. Nkhokwe pambali. Ngakhale ngodya ya khonde imene ngolo inagumula, anaisiya yogumuka. Denga lokha ndilo linali lisanaikidwe. Inali nyumba yathu.

Ndinalowa osaodira, n'kufunsa kuti nyumbayi ndi ya ndani.

"Ndi yanu, Nankhoma," anatero akumwetulira. "Mwaizindikira? Ndiye kuti ndaikhoza."

Anawonjeza kuti ta denga tinali tisanaume chifukwa cha mvumbi, koma ayesetsa kuti kapite ndi katoni ya Lachinayi. Anandifunsanso za amene anali m'mimbayo, ngati akutakataka bwino. Munthu wina akanamva funso la mnansi. Ine ndinamva kuti akundikumbutsa za khadi lija, ndipo ndinawada ndi mtima wanga wonse.

A Felton nditawauza anaseka, koma chakudya sanachigwire, ndipo m'mawa mwake ndinawapeza akufunsafunsa anthu njira ya ku Zambia. Kuthawa, kundisiya ine ndi mimba, ana awiri ndi fodya m'munda! Ndinaganiza zokaba kanyumbako, koma akanangomanga kena. Ndinaganiza zouza a Sisitere, koma iwo ankawakhulupirira a Gusitino ngati mawu a m'Baibulo, akanangondiuza kuti ndikapemphere. Achibale anga ndinawaopanso, pakuti sunkadziwa kuti mawu ako akagona kuti. Ndinatsala ndekha ndi masiku awiri, ndipo wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Lachitatu m'mawa ndinapita kwa a Solomoni, tcheyamani wa nthambi ya chipani kwathu kuno. Sindikanati a Gusitino ndi kazitape wa boma, pakuti umenewo sunali mlandu, unali ulemu. Ndiye nkhaniyo ndinaitembenuza. Ndinati munthu uja akujambula nyumba za m'mudzi ndi tinjerwa, n'kumatumiza pa galimoto la azungu kwa zigawenga zimene zinathawira kunja, kuti tsiku lodzabwera zidzadziwe nyumba za anzawo ndi nyumba zoti zidzatenthe. Ndinati ndinaona ndi maso anga pazenera. Ndinawonjeza kuti ndinaonamo ngakhale nyumba yawo ya a tcheyamaniyo, limene linali bodza lamkunkhuniza. Mumtima ndinkati ngati alidi a boma, boma silidzawapweteka, lidzangowachotsa kuno poti adziwika, ndipo katoni ya Lachinayi sidzapita. Umu ndi mmene ndinadzitonthozera. A Solomoni anali kale ndi mkwiyo ndi a kuparishi chifukwa chosaimitsa Misa pa tsiku la msonkhano, choncho sanandifunse kawiri. Anavala nsapato, anakwera njinga, ulendo wa kuboma.

Lachinayi m'mawa, Landirova ya parishi isananyamuke, inafika inzake yopanda chizindikiro ija. Ayufi anawasiya pachipata kuti aletse anthu, ndipo a majekete awiri aja analowa okha. Anatulutsa zitini, beseni, katoni, ngakhale nthenga ya nkhuku. A Sisitere Margareta analankhula mpaka mawu anasasa kuti izi ndi zidole za ana, koma mmodzi anawauza kuti ngati akufuna, malo m'galimotomo alipo. A Gusitino anatuluka okha akutsimphina, jekete la khaki lili paphewa, osafunsa kanthu. Ine ndinali kuchingwe, chopanira zovala chili kukamwa, ndipo pazenera paja ndinaona chimene sindinachiganizire. Ta denga tinali titauma mochedwa, ndiye anali atangomaliza kanyumba kathu m'mawa womwewo, asanakaphwasule. Wa jekete wachiwiri anakanyamula kathunthu, anakaika pa mbale ya tini, anavundikira ndi chopukutira chawo cha a Gusitino, n'kupita nako kugalimoto mosamala ngati mazira.

Ine ndinkaopa kuti kapita kophwasuka, tsopano kanapita kali chilili. Tsiku lomwelo tinapaka chitseko chathu oyilo wakuda wa kuchigayo. Zenera lakumanzere tinalitsegulanso, ngodya ya khonde tinaimanga, nkhokwe tinaisunthira kuseri mvula ikugwa, anthu n'kumatifunsa ngati tapenga. Kawiri konse Landirova ija inadutsa m'mudzi pang'onopang'ono, osaima, osafunsa munthu, pakuti anthu amene aja sankakhulupirira ngakhale a tcheyamani. Galimoto lililonse likalira kumsewu, ine ndinkatuluka kukasuzumira. Koma pakhomo pathu sipanafike munthu. Mwana anabadwa wamkazi, tinamutcha Veronika, bambo ake alipo.

Ndiye ndinati ndinakhoza. Ndinadula chingwe cha kazitape, taonani kwangoti zii. Nthawi zina kanali kundifikira kafunso: ngati anali a boma, bwanji sakubwerako? Ndinkadziyankha kuti anawasamutsira kwina, akudya bwino kumeneko. Mtima wokayikira susowa yankho.

Patapita chaka kunafika makatoni ena, ndipo a Sisitere, osadziwa kanthu, ntchitoyo anaipereka kwa ine, ati poti ndinkaona mmene a Gusitino ankachitira. Kutsuka ndinatsuka monga ndinkaonera, nthenga ndi mswachi, kuyanika pamthunzi. Polongedza ndinkangowerenga makumi anayi kapepala kalikonse n'kumata, ndipo ndinkaweruka dzuwa lili pamutu, n'kumadzitama kuti ntchito imene bambo uja ankatha nayo masiku atatu ine ndikuitha tsiku limodzi. Sabata ziwiri zisanathe a Sisitere anabwera nato timapepala tina. Ati ana akulira: wina wapeza zitseko zitatu popanda khoma, wina makoma popanda denga. Anandiuza kuti a Gusitino nawonso anayamba choncho, ndipo ataona mwana akulira ndi pamene anayamba kumanga kaye kanyumba. Kakaima, ndiye kuti kapepalako kakwana.

Ndinakhala patebulo, ndinatapa m'zitini, ndinamanga. Nditamaliza ndinakayang'ana, ndipo kanali ka alongo anga, ndi khonde lawo lalitali lija. Ndinaphwasula. Ndinati tsopano ndipeke kanga, kosafanana ndi ka munthu. Kanatuluka ka a katekisiti. Munthu amamanga nyumba zimene amazidutsa popita kuchitsime, zina azitenga kuti? Chinthu choyamba chimene ndinachita ndi kutseka zenera lija ndi chiguduli, kuti wina asandione.

Koma musaganize kuti ndinalapa pomwepo, ayi, ndine wouma mutu ine. Ndinadziuza kuti chabwino, mwina tinyumba sitinali kanthu, koma munthuyo anali ndi njira zake zina. Nanga aphunzitsi a Yeremiya anawanenera ndani? Nanga bwanji ankakhala kumapeto nthawi zonse? Kukaulula machimo ndinkapita mwezi ndi mwezi, ndipo ndinkaulula za kutukwana amuna anga.

A Gusitino anabwerako mu 1989, patapita zaka zinayi, nyengo yokumba mtedza. Lole ya fodya inawatsitsa pamsewu, ndipo anayenda okha mpaka kumudzi, akupumira m'njira. Mano akutsogolo analibe, chifuwa chija chinali chitakula, ndipo zala za dzanja lamanja zinali zitauma chopindika, zosatha kugwira ngakhale chikho. Anthu ankawalonjera chapatali, pakuti wochokera kundende tinkati wanyamula tsoka, ukacheza naye akulemba dzina. Nyumba yawo inali itagwa. A Sisitere anawapatsa pogona kuparishi n'kuwabweza m'kachipinda muja. Kutsuka sakanatha, kumata sakanatha, ndiye ankakhala pampando pafupi ndi ine n'kumasankha ndi maso: ako n'kofiira kotuwa, kaikeni uko, ako kali ndi mng'alu, katayeni.

Miyezi iwiri yoyamba ndinaonda. Mawu awo alionse ndinkawatembenuza uku ndi uku. Akati madzi atentha kwambiri, ndinkati akunena za ine. Akafunsa za a Felton, ndinkati eya, ayamba. Akamutamanda Veronika kuti wakula, ndinkamuthamangitsira kunyumba. Thobwa limene ankandigawira sindinkamwa, ndinkathira pansi akayang'ana kumbali. Ndinkadikira tsiku lobwezera, ndipo kusafika kwake kunkandipweteka kuposa ndodo.

Tsiku lina Lachitatu masana, ndikumanga ta katoni ya mawa lake, dzanja langa linatola chitseko chobiriwira m'chitini. Ndinachibweza msanga n'kutenga choyera. A Gusitino anandiona. Kenako anayamba kulankhula, osandiyang'ana, ngati akuuza tebulo.

Anati atafika kumene anawatengera, kanyumba kaja anakapeza kali patebulo m'chipinda chofunsira anthu, pa mbale yomwe ija. Timapepala ta m'katoni a majekete anayesa kumanga, anakanika, ndiye anatsala ndi kamodzi kokhako. Ankawauza kuti mwini nyumba imeneyi ndiye mnzawo wa zigawenga, atchule dzina lake abwerere kwawo. Ankawafunsa m'mawa uliwonse kwa miyezi itatu, dzanja ataligoneka m'mphepete mwa tebulo. Pamenepo anakweza dzanja lopindika lija pang'ono n'kulibwezera pabondo.

"Ine ndinkati ndi nyumba ya m'mutu mwanga," anatero.

Ndinafunsa kuti bwanji sanangotchula.

"Munali ndi pakati, Nankhoma. Ndipo a Felton ndi pakamwa pawo paja, kumene kuja sakanatha sabata."

Ndikanakhala chete pamenepo. Koma mtima wanga uja, ngakhale nthawi imeneyo, unkafunabe kudziwa zimene akudziwa. Ndinafunsa, mawu akutuluka ngati a munthu wina, ngati anawauza amene anawanenera.

"Dzina sananene," anatero. "Anangondiwerengera kuti mboniyo inaonera pazenera, ikuyanika zovala."

Anatsokomola nthawi yaitali, anapukuta pakamwa ndi mkono wa jekete, n'kuloza ndi chibwano timapepala timene tinali patebulo.

"Matani, kandulo ikutha."

Ndinamata, ndipo tiwiri ndinatiwotcha. Tinagwira limodzi zaka zina ziwiri m'kachipinda momwemo, mpaka chifuwa chinawatenga mu 1991, ndipo nkhaniyo sitinaikambenso. Pepani sindinamunene. Tsiku lililonse ndinkati ndinena mawa, ndipo manyazi amenewo ndikukalamba nawo.

Koma tsiku lija Lachitatu, nditaweruka, ndinapeza a Felton ali pakhonde akuswa mtedza, onenepa bwino, Veronika atawakhalira pamwendo. Anandifunsa kuti ndachedwa kuti, n'kunena kuti wolumala ujayo asamandichedwetse ndi nkhani zake za kundende. Ndinaima pabwalo ndikuyang'ana zala zawo zonse khumi zikuswa mtedza, ndipo ndinalephera kulowa m'nyumba.